Kachikhomo kokoka sitima yonse

Kuno kwa Kaduya kulibe njanji. Wofuna kuona sitima ya pamtunda amayenera kukwera galimoto mpaka ku Luchenza kapena ku Limbe, ndipo ambiri mwa ophunzira anga amangoidziwira pa zithunzi za m'mabuku. Komatu ana omwewa ndi akatswiri opinda waya. Mwana wa zaka khumi amakupangirani lole ya chiwongolero chokhota bwinobwino, matayala ake zitsekerero za mabotolo. Ambiri timati ndi masewera chabe, koma ine ndaona lusoli likuphunzitsa sayansi imene choko chimalephera kufotokoza.

Kumaiko ena, anthu akuluakulu ndithu amapanga tisitima tofanana ndendende ndi zenizeni. Muyeso wotchuka, wa HO, umachepetsa chilichonse ka 87. Njanji yathu ya m'Malawi, imene zitsulo zake n'zotalikirana mamilimita 1,067, ikachepetsedwa motero imatsala mamilimita 12 okha, osafika ndi m'lifupi mwa chala. Pa kasitima kotere, ntchito yofuna kudekha kwambiri ndi kuika cholumikizira mabogi, makamaka cha mtundu wakale.

Cholumikizira chakalecho chimagwira ntchito ngati mmene thirakitala imakokera ngolo yake. Kumapeto kwa bogi iliyonse kunali chitsulo chokhala ndi kamwa. Mphete yaitali inkalowa m'kamwa ziwirizo, kenako ankagwetsera chikhomo mbali iliyonse. Vuto linali lakuti munthu ankaima pakati pa mabogi atagwira mpheteyo ndi dzanja kuti ilunjike pamene bogi inayo ikubwera. Akachedwa pang'ono kuchotsa dzanja, zala zinkatsala pomwepo. Ena ankapanidwa mpaka kufa.

M'chaka cha 1873, Eli Janney wa ku America analembetsa cholumikizira chatsopano chonga manja awiri opinda zala, chimene chimakolana chokha mabogi akagundana. Mu 1893 dziko la America linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani a njanji kugwiritsa ntchito zolumikizira zokolana zokha, ndipo South Africa inayamba kusintha mu 1927.

Amene amakonda tisitima ta makedzana amabwererabe ku mphete ndi chikhomo kuti kasitima kaoneke monga zinalili nthawi imeneyo. Pa muyeso wa HO mpheteyo imangokhala mamilimita ochepa, ndipo chikhomo amachiika ndi kachitsulo kopanira. Ife tilibe zipangizo zotere, ndiponso pasukulu pathu palibe chipinda choyeserera za sayansi. Choncho ine ndi ana a Fomu 3 tinasankha kuchepetsa ka 20, zimene zinatipatsa njanji ya mamilimita 53. Njanjiyo tinapanga ndi nsungwi zong'amba, mabogi ndi zitini, mphete ndi waya, zikhomo ndi zidutswa za sipoko ya njinga.

Gulu lililonse linapanga bogi yake palokha. Tsiku lolumikiza, mabogi anakana kugwirana. Kamwa ya ina inali m'mwamba, ya ina m'munsi. Pamene anakakamiza, bogi yopepuka inkanyamuka matayala n'kuchoka panjanji. Mtsikana wina ndiye anati, "Aphunzitsi, bwanji tidule kathabwa kamodzi, aliyense aziyezera pamenepo?" Anatero, ndipo mabogi onse anagwirana. Ndinawauza kuti zimene atulukirazo ndi zimene zimatheketsa sitima ya malasha kuchoka ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kudutsa m'dziko lathu mpaka kukafika kudoko la Nacala: njanji ndi ya muyeso umodzi, ndipo zolumikizira zili pa msinkhu wofanana.

Phunziro lachiwiri linabwera pokhota. Cholumikizira chikakhala chosalunjika pakati penipeni pa bogi, chimakokera bogiyo kumbali. Mphete ikafupika kwambiri, ngodya za mabogi zimagundana. Ikatalika kwambiri, bogi yakumbuyo imadzaomba inzake poima. Ana anayesa mphete zitatu zosiyana kutalika, akulemba zotsatira m'makope, mpaka anapeza yoyenera.

Chimene chinawadabwitsa koposa ndi kulendewera kwa mphete. Tinadzaza miyala m'mabogi asanu, n'kumakoka ndi mpira wa legeni. Mabogi tikawamanga mothina, mpira unkatamuka kwambiri sitima isanasunthe. Tikawasiyira kampata, n'kuwakankhira pamodzi tisanakoke, mpira sunkatamuka kufika pamenepo, chifukwa mabogi ankanyamuka imodziimodzi. Mmenemo ndi mmene mutu wa sitima zakale unkayambitsira katundu wolemera kuuposa. Mfundo yakuti chinthu choima chimakana kusunthidwa, imene ana ankangoiloweza pokonzekera mayeso a MSCE, tsiku limenelo anaimva m'manja mwawo.

Sindikunena kuti zitini zilowe m'malo mwa zipangizo zenizeni. Sukulu za kumudzi zikufunikabe zipinda za sayansi, ndipo sitisiya kupempha. Koma mwana amene ali Fomu 3 chaka chino sangadikire mpaka nyumbayo idzamangidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Aphunzitsi anzanga, yesani zimenezi; mtengo wake ndi waya ndi masana awiri basi. Makolo, mukaona mwana akupinda waya atamaliza ntchito zapakhomo, musamulande. Mufunseni chifukwa chake ngolo yakeyo sikugwa pokhota, mumve mmene akuyankhireni. Ndipo amene mungapeze mwayi wopita ndi ana ku Blantyre, kawaonetseni mutu wa sitima wakale umene uli panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Akatha kugoma ndi matayala ndi chumuni, auzeni awerame aone pamene bogi inkakolekedwa, ayeze ndi rula msinkhu wake kuchokera panjanji.