Nsolo ndi Mizukwa ya pa Lamya pa Msika wa Lundazi

Dzuwa likapendeka pa msika wa Lundazi, pamene amai ogulitsa nyemba, kapenta ndi nshawa ayamba kumanga katundu wao, pamatsala magulu awiri a anthu amene safulumira kupita kwao. Gulu loyamba ndi la madoda ozungulira nsolo pamthunzi, timiyala tili gobede gobede m'maenje. Gulu laciwiri ndi la anyamata ounjikana pa khonde la kasitolo kochajitsa lamya, mitu pamodzi, maso onse pa kagalasi kamodzi. Madoda amaseka anyamata kuti alikuthamangitsidwa ndi mizukwa yosaoneka. Anyamata naonso amati nsolo ndi sewero la anthu otopa. Koma munthu wochera khutu adzamva kuti mkangano wa magulu onse awiriwa ndi umodzi: kodi akatswiri enieni ndi a dera liti, nanga luso limabadwa ndi munthu kapena limatsata kumene akhala?

Masewera a mantha

Masewera amene anyamata ena ayamba kuwadziwa ndi aja oopsa, oseweredwa ndi anthu angapo nthawi imodzi kupyolera pa intaneti. Anthuwo sadziwana. Wina angakhale ku Lundazi, wina ku Paris, winanso ku Cairo, koma onse amakumana m'nyumba imodzi yamdima yojambulidwa pa kagalasi.

Sewero lochuka kwambiri la mtundu umenewu ndi Dead by Daylight, limene linatulutsidwa m'caka ca 2016 ndi kampani ya Behaviour Interactive ya ku Montreal, m'dziko la Canada. Amasewera anthu asanu. Mmodzi amakhala cigawenga cosaka anzake, ndipo anai otsalawo ayenera kukonza majenereta asanu kuti zipata zitseguke, athawe. Wogwidwa amapacikidwa pa mbedza kufikira mnzake atalimba mtima kudzampulumutsa. M'caka ca 2018 kampani ya NetEase ya ku China inatulutsa Identity V, sewero lofanana nalo loseweredwa pa lamya ya m'manja, momwe anthu anai amamasula makina asanu a mau obisika uku mlenje alikuwasaka. M'caka ca 2020 kunabwera Phasmophobia ya ku Britain, momwe anthu osapitirira anai amalowa m'nyumba ya mizukwa kuti akazindikire mtundu wa mzukwa umene ulimo.

Kwa munthu wokulira kumudzi zimenezi si zacilendo kwenikweni. Ndi cibisalirano ca pabwalo usiku wa mwezi, cophatikizana ndi nthano za afisi ndi zimbalangondo zimene agogo ankasimba pamoto. Kusiyana kwake n'kwakuti cibisalirano cinali caulere, pamene ici cimadya ndalama ndi moto wa lamya. Cifukwa cake ku Lundazi osewera masewerawa ndi owerengeka: ana a sukulu obwera ku chuti kucokera ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi anyamata a malonda amene ali ndi lamya zamphamvu. Ambiri amangosuzumira pa phewa la mnzao. Khomo linacepanso m'mwezi wa March 2025 pamene Dead by Daylight ya pa lamya inatsekedwa, n'kutsala ya pa kompyuta ndi pa makina ena odula.

Dera lililonse ndi kaseweredwe kake

Osewera a maiko osiyanasiyana amanenana monga momwe amacitira anthu a midzi yoyandikana. Mbiri imene imamveka pakati pao ndi yakuti a ku China, Japan ndi South Korea amasewera mwadongosolo, yense pa nchito yake, osataya nthawi. A ku Ulaya ndi ku Amereka amawanena kuti amakonda kudzionetsa ndi kuputa dala cigawenga kuti ciwathamangitse. Izi ndi zonenana cabe, pakuti m'dera lililonse muli ocenjera ndi opusa omwe. Komabe zilipo zina zooneka ndi maso.

Cimodzi ndi mwambo. Mu Dead by Daylight, cigawenga cikaima pafupi ndi munthu amene campacika, kudikira wodzampulumutsa, osewera ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka amaona ngati ndi khalidwe loipa, ngakhale kuti malamulo a sewerolo sanena kuti ndi mlandu. Koma mu Identity V, imene ili ndi otsatira ambiri ku China ndi ku Japan, kulonda wogwidwa ndiyo nzeru yoyamba imene mlenje aliyense amaphunzira. Cimene kwina ndi mwano, kwina ndi luso.

Caciwiri ndi cizolowezi. Ku South Korea nyumba zosewereramo pa kompyuta zinafalikira kuyambira ca m'ma 1998, ndipo m'caka ca 2000 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira mipikisano ya masewerawa. Mwana wa kumeneko amakula akuona akulu ake alikusewera. Ku China ndi ku Japan kuli magulu a anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kaamba kosewera Identity V, ndipo caka ndi caka amakumana pa mpikisano waukulu wochedwa Call of the Abyss. Munthu amene nchito yake ndi yomweyo tsiku lonse sangafanane ndi mnyamata wa ku Emusa amene masana anali kupalira m'munda wa thonje.

Mtunda umene suoneka

Koma cacikulu koposa zonse ndi mtunda. Masewerawa amayendetsedwa ndi makina aakulu ochedwa seva. Mnyamata wa pa msika akadina kagalasi kuti munthu wake alumphe windo, uthengawo umacoka pa lamya kupita pa nsanja ya netiweki, kudutsa m'nthambo kupita ku Lusaka, n'kutuluka m'dziko. Popeza Zambia alibe nyanja yamcere, uthenga uyenera kudzera m'maiko ena monga Tanzania, Mozambique, Namibia kapena South Africa kuti ukapeze nthambo zogona pansi pa nyanja. Ukafika pa seva, yankho liyenera kubwerera njira yomweyo.

Uthenga m'nthambo zagalasi umathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi, koma ngakhale liwiro lotere lili ndi malire. Kucokera ku Lundazi kufika ku Frankfurt m'dziko la Germany, kumene kuli maseva ambiri, ndi makilomita oposa 7,000 poyenda molunjika, ndipo nthambo siziyenda molunjika ai. Kotero wosewera wa kuno kawirikawiri amacedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, pamene mnzake wa ku Germany amacedwa ndi kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo makumi awiri. Kucedwa kumeneku osewera amakuchula kuti ping. Identity V ili ndi seva ya ku Asia ndi ina ya Ulaya ndi Amereka, koma ilibe ya Afirika. Wa ku Lundazi amakhala mlendo kulikonse kumene angalowe.

Gawo la sekondi limaoneka lacabe, koma m'sewero la kuthawa ndilo limalekanitsa wopulumuka ndi wogwidwa. Mnyamata amaona pa kagalasi kake kuti wagwetsa kale thabwa lochinga njira, koma ku seva cigawenga cafika kale ndi kumkantha. Kuli ngati mlenje amene muvi wake umacoka pa uta gwape atadutsa. Anzake a kutali sadziwa zimenezi. Iwo amangoona munthu wogwidwa msanga, ndipo ena amamlembera mau acipongwe kuti sadziwa kanthu.

Ngakhale m'Zambia momwe muno kusiyana kulipo. Wa ku Lusaka angakhale ndi intaneti ya nthambo m'nyumba. Wa ku Chipata, makilomita pafupifupi 180 kumwera kwa Lundazi, ali ndi nsanja zambiri za Airtel, MTN ndi Zamtel. Wa pa boma la Lundazi amapeza netiweki bwino koposa wa kumidzi ya ku Lumezi ndi ku Chasefu, madera amene anapatulidwa ku Lundazi kukhala maboma paokha m'caka ca 2018. Kufupi ndi cipata ca Lusuntha lamya nthawi zina imakoka netiweki ya ku Malawi, mwini wake osadziwa. Magetsi naonso ali ndi mbali yao. Kwa zaka zambiri Lundazi ankalandira magetsi kucokera ku Malawi, ndipo m'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, dziko lonse linkakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Intaneti ya Starlink yodzera m'mlengalenga inafika m'Zambia m'caka ca 2023, koma mtengo wa ziwiya zake suli wa mlimi wamba.

Zonsezi zimaumba kaseweredwe. Amene amadziwa kuti netiweki yake ndi yocedwa amaphunzira kubisala m'malo mothamangitsana, amayamba kuthawa cigawenga cikali patali, ndipo amasankha nchito yokonza makina mwakacetecete. Amasewera usiku kwambiri, pamene mabandulo ndi ochipa ndiponso anthu pa netiweki acepa. Amasewera kwambiri miyezi ya malonda, soya, fodya ndi cimanga zitagulitsidwa, ndipo dzinja likafika lamya imagona m'thumba. Woonera patali angati ndi mantha kapena ulesi, koma ndi nzeru ya munthu wodziwa polekezera mphamvu zake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madoda anazidziwa kale

Nkhani imeneyi madoda a nsolo anaidziwa anyamatawa asanabadwe. Lundazi ndi pokumanira Atumbuka, Acewa ndi Angoni, ndipo pa msika pamafika a ku Chama, a ku cigwa ca Luangwa ndi amalonda ocokera ku Mzimba ndi ku Kasungu. Nsolo ili ndi mizere inai, iwiri ya munthu aliyense, koma utali wa mizere ndi malamulo a kadyedwe zimasiyana malo ndi malo. Kwina timiyala todyedwa timacotsedwa pa bwalo, kwina wodya amatifesanso kumbali yake. Ababemba ali ndi cisolo cao. Ku Malawi, makamaka m'mbali mwa nyanja monga ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, kuli bawo, ya maenje 32 ndi njere 64, yokhala ndi dzenje lapadera lochedwa nyumba, imene inadza ndi amalonda a Ciswahili.

Katswiri wa bawo akakhala pa nsolo ya ku Lundazi tsiku loyamba angadyedwe ndi mwana. Si kuti nzeru zamthera ai, koma dzanja lake linazolowera njira ina. Cifukwa cake mwambo wa pa nsolo ndi wakuti mlendo akafika amayamba afunsana kuti kwao amadya motani, agwirizane, ndipo pokhapo ndi pamene timiyala timayamba kuyenda. Madoda anzeru samseka mlendo pa sewero loyamba, pakuti adziwa kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pakapita sabata, yemwe uja ankadyedwa ndiye amaphunzitsa eni mudzi kawerengedwe katsopano.

Pali kusiyana kumodzi kokha. Pa nsolo onse awiri amakhala pansi pamodzi, maenje ndi omwewo, timiyala ndi tofanana. Pa intaneti bwalo ndi lopendekeka. Wina amayamba ali pamtunda, wina ali kunsi.

Cimene makolo ayenera kudziwa

Coopsa ceniceni si mzukwa wa pa kagalasi ai. Mnyamata wonyozedwa ndi anthu a kutali amafuna kutsimikiza kuti iyenso ndi munthu. Amagula bandulo ina, amacezera usiku wina, ndipo ena amafika pogula zovala ndi zida za m'sewero ndi ndalama zenizeni, poganiza kuti zidzamuonjezera luso. Koma ngakhale atagulitsa thumba la soya, mtunda wa ku Frankfurt sufupika. Ndalama imene ikanagula makope kapena fetereza imapita, ndipo m'mawa mwana amaodzera m'kalasi.

Bvutoli si la kuno kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linabvomereza m'caka ca 2019 kuti kumwerekera ndi masewera otere, mpaka kuleka sukulu, nchito ndi abale, ndi matenda. M'caka ca 2021 boma la China, kwao kwa Identity V, linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera pa intaneti ola limodzi lokha madzulo a Lacisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a chuti. Makolo adziwenso kuti ku Ulaya Dead by Daylight inaikidwa m'gulu la masewera a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo kaamba ka ciwawa cimene cilimo, ndiponso kuti mwana wosewera pa intaneti amalankhula ndi anthu osawadziwa, amene sayenera kuwapatsa dzina lake lenileni, cithunzi kapena nambala ya ndalama za pa lamya.

Kulanda lamya ndi kuiphwanya sikuthetsa nkhani, pakuti walira mvula walira matope, ndipo lamya yomweyo ndiyo imauza banja mtengo wa mbeu ndi kulandira ndalama kucokera kwa abale a ku migodi. Cothandiza ndi kupangana: nthawi yosewera, ndalama zoyenera kupita ku bandulo pa sabata, ndi lamulo lakuti nchito ya kumunda ndi ya kusukulu iyambe yatha. Ndipo mnyamata auzidwe mosabisa kuti kugonja kwake si umbuli wa kumudzi. Mwa masewerawa muli phunziro labwino ndithu, lakuti anthu anai opanda zida angapulumuke pokhapokha atathandizana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma phunziro limeneli silifuna usiku wonse.

Mdima ukagwa pa msika wa Lundazi, madoda amaola timiyala tao n'kuika m'kacitini kuti mawa adzayambirenso. Pa khonde paja lamya imalira kuti moto watsala pang'ono, ndipo anyamata amabalalika mmodzimmodzi. Nthawi zina mmodzi wa iwo amaima pa nsolo, kuyang'ana maenje, n'kufunsa mdala wotsala kumbuyo kuti kodi kuno amadya motani.