Chidindo cha Patapata ndi Makhadi a pa Chisi

Munthu akakwera bwato pa doko la Kachulu kulunjika ku chilumba cha Chisi, m'dera la Mfumu Yaikulu Mkumbira, maganizo ake amakhala pa matemba, makumba ndi milamba, pakuti chuma cha kumeneko n'chomwecho. Komatu nyanja ya Chilwa siyodalirika. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangotsala pa matope ong'aluka. Zikatero, mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 amasowa pogwira. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za luso laling'ono losalira mpamba wambiri, lopanga makhadi a mafuno abwino pamanja.

Mwambo wa makhadiwu unabwera kuchokera kutali. Khadi la Khirisimasi loyamba kugulitsidwa linasindikizidwa ku London mu 1843, pamene Henry Cole anapempha John Callcott Horsley kuti amujambulire, ndipo anasindikiza okwana 1,000. Mpaka lero makhadi ambiri a m'masitolo mwathu amaonetsa chipale chofewa ndi mitengo ya kwa eni ake, zinthu zimene agogo a pa Chisi sanazionepo.

Mutu wa ntchito yonse ndi chidindo. Tengani chidutswa cha patapata chimene chatayidwa, kapena chubu chakutha cha njinga, muchitsuke bwino. Jambulani chithunzi ndi bolopeni, kenaka ndi lezala muchotse mbali zonse zimene simukufuna kuti zioneke papepala. Zotsalazo ndizo zimatenga inki. Chubu chimafunika kumatidwa pa kathabwa kuti dzanja lipeze pogwira, pamene patapata ndi wochindikala kale.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa, ndipo inenso ndinapunthwa pomwepa pamaso pa ana a sukulu. Ndinasema mawu akuti "Zikomo Amayi" mooneka bwino ndithu, koma nditadinda, zilembo zonse zinatuluka chobwerera m'mbuyo, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Chidindo chimatembenuza chilichonse monga achitira kalilole. Tsono lembani mawuwo papepala lopyapyala, mulitembenuze, ndipo museme motsata zimene zikuonekera kuseriko. Ngakhale mutero, kusema zilembo n'kovuta. Oyamba kumene ndi bwino adinde chithunzi chokha, mawu alembe pamanja.

Inki ya chidindo cha mu ofesi imakwanira makhadi ochuluka. Musaichulutse, chifukwa imalowerera m'mizere n'kufafaniza chithunzi chonse. Ikauma, pakani mitundu ndi makirayoni kapena mapensulo a mitundu. Zokongoletsa zili pakhomo pomwepo: makungwa ouma a nthochi amasanduka bwato, timasamba ta njedza timakhala ngati gombe, ndipo mamba a nsomba otsukidwa ndi kuyanikidwa amanyezimira ngati madzi a m'mawa. Phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma khadi liumitsidwe pansi pa buku lolemera, apo ayi limapindika ndi kuchita nkhungu, makamaka m'nyengo ya dzinja.

Tinene zoona, kupanga n'kosavuta poyerekeza ndi kugulitsa. Msodzi wa pa Chisi sangasiye kugula ufa kuti agule khadi, ndipo achinyamata ambiri masiku ano amangotumizirana mafuno pa WhatsApp. Ogula ali ku Zomba: ophunzira a ku Yunivesite ya Malawi, ogwira ntchito m'maofesi, mipingo, ndi alendo okwera phiri kapena obwera kudzaona mbalame, poti Chilwa inalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 1996. Anthu oterewa sangalipire khadi lotsanzira la m'sitolo, chifukwa la makina lidzaposa nthawi zonse. Chimene makina a kunja alibe ndi mlambe wa pa Chisi, kakowa ataima m'matope, ndi mayi akuyanika matemba pathandala.

Nyengo zogulitsa n'zowerengeka: Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, Khirisimasi, nthawi ya mayeso ndi maukwati. Amene akufuna kuyesa ayambe mu Ogasiti ndi makhadi 20 okha a zithunzi ziwiri kapena zitatu, awerengere mtengo wa pepala, envelopu ndi ulendo wa bwato asanaike mtengo wake. Aphunzitsi anzanga, phunziro limodzi lamasana ndi lokwanira kusema chidindo choyamba, bola malezala muwawerenge pogawa ndiponso potolera.