Katemera wa Rota: Umboni Wochokera ku Mchinji

Rotavirus ndi kachilombo kamene kamatsegulitsa makanda m'mimba mpaka madzi kuwathera m'thupi. Katemera wake, wodonthezera m'kamwa kawiri, anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Okutobala 2012. Koma kodi akupulumutsadi ana akumudzi, kutali ndi chipatala?

Yankho linachokera ku Mchinji. Ofufuza, mothandizana ndi bungwe la MaiMwana komanso anthu a m'midzi momwemo, anatsatira ana oposa 48,000 obadwa m'bomali. Mwana akamwalira, ofufuzawo ankapita kukafunsa makolo mmene anadwalira. Ine amandikhudza mtima ndi makolo amenewa, amene analola kufotokoza nkhani yowawa chotere.

Zotsatira zinatuluka m'magazini ya Lancet Global Health mu 2018: mwa makanda olandira katemerayu, imfa zobwera ndi kutsegula m'mimba zinachepa ndi 34 peresenti.