Luso silolembera pabolodi

Funsani mwana wa Sitandade 7 kuti akutchulireni zida zoimbira zamakolo, mudzamva akuzindandalika mosadodoma: kaligo, bangwe, mangolongondo, visekese. Kenaka mufunseni ngati anagwirapo ngakhale chimodzi. Ambiri amangozolika. Ine monga mphunzitsi wa kupulayimale, zimenezi zimandiwawa mumtima.

Phunziro la zaluso, lija timati Expressive Arts, lilipo ndithu m'sukulu zathu. Linabwera ndi silabasi yomwe inakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi n'kuyamba kugwira ntchito mu 2007. Linamanga mtolo umodzi kuimba, kuvina, zisudzo, kujambula, kuumba, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi. Cholinga chinali chabwino, koma mayeso ndiwo anatipotoza. Pomaliza Sitandade 8, a MANEB amayesa zalusozi papepala la Arts and Life Skills. Mwana sapatsidwa ng'oma kapena dongo, amangopatsidwa mafunso. Ndiye ife aphunzitsi, pofuna kuti ana asankhidwe kupita kusekondale, timadzaza bolodi ndi manotsi, iwo n'kumaloweza. Onjezanipo kuti chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi ena amakhala ndi ana opitirira 100. Mphunzitsi mmodzi awayang'anira bwanji onsewo akuumba miphika?

Komatu mbiri yathu ikuonetsa kuti luso limakula pomwe mwana wapatsidwa bwalo. Du Chisiza Jnr anadziwika ali mwana wasukulu ku HHI mu Blantyre, pomwe sewero lake la The Deceased's Attack linapambana mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM mu 1982. Patangopita zaka zisanu anayambitsa gulu la Wakhumbata, lomwe linkadzaza maholo m'dziko muno. Ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978 ndi achinyamata a paparishi, ndipo m'menemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, ndipo osema ndi ojambula ambiri anaphunzirira pomwepo, sompho ndi bulashi zili m'manja.

Ena amati zaluso zimafuna ndalama zomwe sukulu zathu zilibe. Ine ndimakana. Makolo omwe anajambula pamiyala ya ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, sanagule penti kusitolo. Zojambula zoyera za kumeneko n'zadongo, ndipo zina zinali zophunzitsira atsikana kuchinamwali. Lero dongo lidakalipo kudambo, makala ali kukhitchini, mlaza uli kutchire. Mwana yemwe amapinda mawaya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero, kapena kukhoma banjo yachitini, luso ali nalo kale. Chomwe akusowa ndi munthu womuuza kuti zimenezo n'zamtengo wapatali.

Phindu lake ndimaliona m'kalasi mwanga. Mwana wamanyazi, woti sakweza dzanja chaka chonse, mukamupatsa mbali ya amfumu m'sewero amatulutsa mawu oti nonse kudabwa. Wovutika kuwerenga amalimbana ndi pepala la sewero mpaka kuligonjetsa, poopa kuchita manyazi pamaso pa anzake. Pakwaya ndi pagule ana amaphunzira kumverana, kudikirana ndi kusunga nthawi, zinthu zomwe manotsi sangaphunzitse.

Sikuti mphunzitsi aliyense amadziwa kukunga ng'oma kapena kuluka dengu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi agogo oumba mbiya, abambo osema mitondo ndi amayi otsogolera nyimbo za chimtali kapena chisamba. Komiti ya sukulu itakambirana ndi amfumu, anthu amenewa angathe kumabwera kamodzi pamwezi kudzaphunzitsa ana pansi pa mtengo.

Pempho langa kwa akuluakulu a zamaphunziro n'lakuti malikisi ena a phunziroli azichokera pa zomwe mwana wapanga ndi manja ake, waimba kapena wasewera. Inu makolo, mukapeza mwana akujambula kumapeto kwa kope, musathamangire kumukalipira kuti akuwononga mapepala. Muguleni pensulo ina, ndipo tsiku lomwe ana akuchita zisudzo kusukulu, siyani khasu mukaonere.