Mkangano wa ma core 16 pamsika wa Majaua

Anthu akagulitsa chimanga ndi nandolo, maukwati amachuluka m'boma la Milange, ndipo anyamata ojambula mavidiyo amasowa nthawi yogona. Chaka chino m'mafoni awo mukuyenda zithunzi za makompyuta akuluakulu atsopano otchedwa workstation, omwe amalonda akutsatsa pa WhatsApp. Pansi pa chithunzi pamalembedwa kuchuluka kwa ma core (timagawo ta purosesa togwira ntchito nthawi imodzi) ndi mapointi a benchmark (mayeso a liwiro). Makinawo palibe amene wawakhudza, koma aliyense akuwerengera kale liwiro lake.

Pamsika wa Majaua, kufupi ndi mtsinje wa Ruo, mnyamata wina ali ndi kachipinda ka malata komwe amatchajitsa mafoni, kuika nyimbo m'mamemori ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi makwaya. Laputopu yake ya ma core 4 imakhala pa zitsekerero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Batire lake linafa kalekale, choncho magetsi akangophethira ntchito yonse imayambanso. Makasitomala ake amalipira ena mameticais, ena makwacha, ndipo onse amafuna vidiyo yawo mawa. Akamaliza kudula ndi kulumikiza zithunzi madzulo, amaisiya kompyuta ikutulutsa vidiyo usiku wonse, fani ikulira, iye atagona pamphasa pafupi ndi chitseko.

Tsopano akufuna kugula workstation ya ma core 16, ndipo masamu ake ndi achidule. Akuti 16 kugawa ndi 4 ndi 4, ndiye kuti ntchito ya maola 8 izitha m'maola 2. Msuweni wake, amene amakonza makompyuta m'tauni ya Milange, wakana kwamtuwagalu, ndipo nkhaniyi yawatengera masabata.

Msuweniyo akufanizira ndi kugulitsa chimanga: mutha kulemba aganyu 16 othira m'matumba, koma ngati sikelo ndi imodzi, onse akaima pamzere. Akatswiri a makompyuta analongosola zimenezi kale mu 1967. Ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a ntchito silingagawidwe, ma core 4 amafulumira pafupifupi katatu kuposa core imodzi, pamene ma core 16 amafulumira maulendo 6.4 okha. Kusamuka pa 4 kupita pa 16 kungochepetsa nthawi ndi theka. Gawo losagawikalo likakhala magawo 2 mwa 10, phindu la kusamukako limatsikanso kufika pa maulendo 1.6 okha.

Mnyamatayo akuloza mapointi. Akuti pa Cinebench, pulogalamu yoyezera liwiro, makinawo akuposa laputopu yake maulendo ambirimbiri, ndipo apa sakunama. Cinebench imapatsa purosesa chithunzi chodulidwa m'tizidutswa kuti core iliyonse ikhale ndi chochita, n'chifukwa chake mapointi ake amakwera pafupifupi molingana ndi ma core. Vidiyo ya ukwati siyenda choncho. Imadikira disiki, imadikira RAM, ndipo mapulogalamu ambiri amapereka ntchito yaikulu ku khadi ya zithunzi. Pamene munthu akudula vidiyo ndi kuisuntha uku ndi uku, chomwe amamva m'manja kawirikawiri ndi liwiro la core imodzi, nambala yomwe amalonda sakonda kuilemba.

Kunena zoona, msuweniyo ali ndi mfundo, ngakhale nayenso akuiwala kuti core ya purosesa yatsopano imathamanga kuposa ya laputopu yakale. Mwina mnyamatayo apeza zoposa theka. Choopsa n'chakuti akufuna kugulitsa njinga yamoto yomwe imamufikitsa kumaukwati chifukwa cha nambala yoyezedwa m'chipinda chozizira. Purosesa ikayandikira madigiri 95 kapena 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo pansi pa malata mu Okutobala, fumbi litatseka fani, zimenezo sizichedwa. Laputopu imakhutira ndi mawati 65, pamene workstation ikalemedwa imafuna mawati mazana angapo.

Msuweniyo wapereka njira imodzi: mnyamatayo atumize kwa wamalonda wa makinawo kavidiyo ka mphindi 10 ka ukwati weniweni, wamalondayo akatulutse pa makinawo ndi pulogalamu yomwe mnyamatayo amagwiritsa ntchito, ajambule wotchi. Wamalondayo sanayankhe.

Pakali pano makwaya ayamba kupempha kuti mavidiyo awo azikhala aang'ono, oti alowe pa WhatsApp osadya bandulo yambiri. Ambiri amawaonera pa foni yong'aluka galasi, anthu asanu atapanikizana pabenchi la tchalitchi.