Liu Lakuti "Hule" ndi Chithunzi cha Mkazi wa m'Tauni m'Kanema wa ku East Rand

1. Mau oyamba

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti liu limene Acheŵa ambiri amatchulira mkazi wogulitsa thupi lake, ndiponso chithunzi cha mkaziyo m'kanema wakale wa ku South Africa, zidakulira pamalo amodzi: m'migodi ya golide ya ku Joni. Tayang'ana makamaka ku East Rand, ndiye kuti Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, dera limene kuyambira 2000 likutchedwa Ekurhuleni. Amuna a ku Malaŵi, limodzi ndi anzao a ku Tete ndi Niassa, adagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kwa zaka zambiri kudzera mwa Wenela.

2. Gwero la liu

Buku Lopatulika la 1922 limatchula mkazi wotere kuti wadama. Liu limeneli, monganso chigololo ndi chiŵereŵere, limaweruza khalidwe la munthu koma silinena kanthu za ndalama. Liu lakuti hule ndi lobwereka. Ife tiganiza kuti lidachokera ku Chiafrikaans hoer osati ku Chingerezi whore, pakuti liu la Chiafrikaans limamveka ndi u wautali ndi r womveka bwino. M'Chicheŵa r adasanduka l, ndipo e adaonjezedwa kuti liu lithere ndi lembo la liu. Ashona amati hure, ndipo ichi chisonyeza njira imene liuli lidadzera.

Pochulukitsa timati mahule, monga m'gulu 6 la maina, koma pa umodzi mgwirizano wake ndi wa gulu 1: hule uyu wabwera. Liu lina lochokera njira yomweyo ndi mtchona, matchona, lochokera ku -tshona, kumira kapena kuloŵa kwa dzuŵa. Mwamuna wosabwerera kwao adatchedwa ndi liu lachisoni, pamene mkazi adalandira liu lotukwana.

3. Mkazi woyendayenda

Zilankhulo za m'derali zimagwirizana pa fanizo limodzi. Azulu amati unondindwa, kuchokera ku ukundinda, kuyenda kopanda kolinga. Asotho amati letekatse, kuchokera ku ho teka, kumenenso ndi kuyendayenda. Ife timati woyendayenda. Mlandu wa mkaziyo, malinga ndi mauŵa, ndi wakuti adachoka pakhomo.

Koma mbiri ya Benoni, imene Philip Bonner adafufuza, ionetsa chimene chidaŵachotsa. Pakati pa 1920 ndi 1945 akazi ambiri a ku Basutoland adafika kumeneko, ena kulondola amuna ao amene adasiya kutumiza ndalama. Amuna a m'migodi ankagona okhaokha m'makomboni, ndipo lamulo la Natives (Urban Areas) Act la 1923, pamodzi ndi zoonjezera za 1930 ndi 1937, lidapatsa akuluakulu a matauni mphamvu zoletsa akazi kuloŵamo. Ntchito yolembedwa idali yosoŵa kwa iwo, choncho ambiri adapulumukira pa kufulula moŵa, ndipo ena pa amuna olipira.

4. Kanema wa m'komboni

Kuyambira cha m'ma 1920, mbusa wa ku America, Ray Phillips, ankaonetsa kanema m'makomboni a migodi mothandizidwa ndi Chamber of Mines, atayamba wadula zigawo zimene ankati nzosayenera. Mu 1940 mudatuluka The Two Brothers, kanema wochenjeza za chindoko, wophunzitsa kuti wodwala apite ku chipatala osati kwa sing'anga. M'kanema wa mtundu umenewu nkhani ndi ya mwamuna. Mkazi wa m'tauni amangokhala khomo lodzera matenda.

Mu 1951 Zoltan Korda adajambula Cry, the Beloved Country kuchokera m'buku la Alan Paton. Gertrude, mlongo wake wa mbusa Kumalo, adapita ku Johannesburg kukafuna mwamuna wake amene adaloŵa m'migodi, nagwa m'malonda a moŵa ndi a thupi. Pano mkaziyo ali ndi dzina, koma timamuona ndi maso a mlongo wake, ndipo mankhwala amene apatsidwa ndi kulapa ndi kubwerera kumudzi. Fanizo la kuyendayenda likadalipo.

5. Wailesi ya kanema

SABC idayamba kuonetsa kanema mu Januwale 1976, ndipo TV2 ndi TV3, za anthu akuda, zidatsegulidwa mu 1982: yoyamba m'Chizulu ndi Chixhosa, yachiŵiri m'zilankhulo za Chisotho. Apa nkuti Amalaŵi ambiri atachoka, pakuti Dr Banda adaimitsa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Ulendo udayambanso mu 1977, koma udatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi ngati ali ndi HIV. Nthaŵi imeneyi amene adalozedwa chala kuti ndiye wonyamula matenda adali mwamuna wa ku Malaŵi.

Maseŵero a TV2 ndi TV3 ankalekanitsa zilankhulo monga momwe boma la tsankho linkafunira, pamene anthu a m'malokeshoni ankazisakaniza tsiku ndi tsiku. Kusintha kudaoneka poyera mu 1999 ndi Yizo Yizo, seŵero la Teboho Mahlatsi ndi Angus Gibson, lojambulidwa ku Daveyton pafupi ndi Benoni, m'kalankhulidwe kosakaniza ka m'lokeshoni. Mmenemo muli Hazel, mwana wa sukulu amene alandira mphatso kwa woyendetsa taxi, Sonnyboy, ndipo pambuyo pake mwamunayo amugwirira. Hazel sadayende ulendo uliwonse, ali kwao. Woonera aumirizidwa kuyang'ana mwini ndalama.

6. Mau otsiriza

Taona magulu atatu a mau: oweruza khalidwe, onena za kuyenda, ndi onena za malonda, monga wogulitsa thupi. Palibe ndi limodzi lomwe lotchula wogula. Tipempha olemba mabuku otanthauzira mau kuti pansi pa hule azilemba gwero lake ndi kuti ndi liu lonyoza. Omasulira kanema m'Chicheŵa nawonso asamale, pakuti akaika liuli pamene seŵero silidaweruze, aweruza ndi iwo.