Lamya ya M'manja Ikhalenso ya Mai

M'nyumba zambiri za kuno ku Chonde lamya ndi imodzi yokha, ndipo imagona m'thumba la bambo. Mai akafuna kuimba, apemphe kaye monga mwana. Ichi sichiyenera konse.

Chiyambire 2012, pamene Airtel Money inafika m'dziko muno, mai wokhala ndi lamya yache amalandira yekha ndalama zochokera kwa mwana wache wa ku Johannesburg, nazisungira feteleza. Akakhala ndi pakati, amafunsa uphungu ku Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011.

Inu abambo, nsanje isakutsekeni maso. Munalonjezana chikhulupiriro patsogolo pa guwa; musammane mkazi wanu chimene mudzipatsa nokha.